Mmene mungasonkhanitsire mbiri ya agogo anu aamuna chiliza chisanavundukulidwe

Pa maliro a agogo anga aamuna, mbiri yawo inatha m'mphindi ziwiri. Amalume anaimirira ndi kapepala kothothola mu kope n'kuwerenga: anabadwira mudzi wakuti, sukulu analekeza kalasi yakuti, anakagwirako ntchito ku Joni, atabwerako anakhala mesenjala mpaka kupuma, asiya ana 7 ndi zidzukulu zambirimbiri. Bodza munalibe m'menemo. Koma munthu amene ine ndinkamudziwa munalibenso. Munalibe nkhunda zawo, munalibe bawo la pansi pa mtengo wa mango, munalibe kampeni kakuthwa kamene sankalola mwana aliyense kukagwira chifukwa n'komwe ankamezanitsira mitengo. Amalume sindiwaimba mlandu. Usiku wa pasiwa munthu sakhala ndi mutu wolembera zinthu zotere, ndipo kumanda abusa amakhala akuyang'ana mitambo.

Mwayi wachiwiri ulipo. Kuchokera pa maliro kufika tsiku lovundukula chiliza pamadutsa chaka kapena kuposerapo, ndipo tsiku limenelo abale amasonkhananso mitima itatsikako. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kusonkhanitsa mbiri yeniyeni ya munthu n'kuipanga kabuku. Ine ndinachita zimenezi Loweruka ndi Lamlungu lokhalokha, ndi foni wamba, kope limodzi ndi pensulo. Ngati agogo anu akadali moyo, ndiye kuti muli ndi mwayi woposa wanga: zonse zili m'munsimu chitani nawo iwo eni, kuyambira sabata ino.

1. Pemphani kaye

Mbiri ya munthu wamkulu si ya mdzukulu mmodzi. Musanagwire kope, pitani kwa agogo aakazi ngati alipo, kenako kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, mukawauze chimene mukufuna kuchita ndi chifukwa chake. Nenani momveka bwino kuti simukufufuza za minda, za nyumba kapena za ndalama za penshoni. Pamudzi pamene pagwa maliro chaposachedwa, munthu wochokera m'tauni akayamba kuyendayenda ndi kope n'kumafunsa kuti munda wa kudambo uja anaupeza bwanji, anthu amatseka pakamwa, ndipo n'zomveka. Ine ndinanena pamaso pa amalume kuti, "Ndikufuna ana athu adzawadziwe agogo. Chilichonse ndingalembe mudzayamba mwachimva inu chisanapite kosindikiza." Lonjezo limenelo ndi limene linachititsa kuti anthu andilandire m'makomo mwawo.

2. Yambani ndi wokalamba kwambiri

Lembani mayina a anthu onse amene anawadziwa agogo, kenako muwasanje potengera msinkhu ndi thanzi. Kufupika kwa nyumba musakuwerengere. Amene wakalamba kwambiri ndi amene mumuyendere Loweruka likubwerali, ngakhale akhale kutali kofunika minibasi ziwiri ndi kabaza. Apa ine ndinalakwitsa, ndipo zimandipwetekabe. Ndinayamba ndi amayi ndi amalume chifukwa anali pafupi, ndikumati kwa msuweni wa agogo, amene anakwera nawo ndege ya Wenela, bungwe limene linkatumiza anthu ku migodi ya ku Joni, ndidzapita mvula ikatha. Mvula isanathe anamwalira. Zaka zonse za ku mgodi anapita nazo kumanda, ndipo zimene ndili nazo za ku Joni ndi zotolatola.

Kumbukirani kuti kwa ife a chikamwini, mwamuna amakhala ndi midzi iwiri. Kumudzi kwa mkazi wake ndi mkamwini, bambo wa ana. Kwawo kumene anabadwira ndi malume, mwina mwinimbumba, woweruza milandu ya ana a alongo ake. Mukangofunsa mbali imodzi mudzalemba theka la munthu. Alongo awo a agogo, ngati alipo, ndiwo amasunga ubwana wawo wonse.

Pa mndandandawo musaiwale anthu amene si abale: anzawo a pabawo, mkulu wa mpingo amene ankayenda naye kumaliro, wokonza njinga pamsika, munthu amene anagwira naye ntchito ofesi imodzi. Bambo pamaso pa ana ake amadzisunga. Pamaso pa anzake ndi pamene amaseka mpaka kugwetsa misozi.

3. Kacheze, osati kukafunsa mafunso ngati wapolisi

Musapite chimanjamanja. Paketi ya shuga, mchere, sopo ndi masamba a tiyi n'zokwanira. Mukafika khalani pansi, lonjeranani mokwanira, idyani chimene akupatsani. Nkhani ya agogo ibwere pambuyo. Foni muitulutse mutapempha: "Agogo, ndingajambuleko mawu anu kuti ndisaiwale?" Akakana musaumirire, lembani mu kope mukangotuluka.

Akalola, tsekani netiweki ya foni kuti munthu asakuimbireni pakati pa nkhani, ndipo muiike pa kansalu pafupi ndi wolankhulayo. Pewani mphepo, chigayo, wailesi ndi malo amene atambala amakonda. Poyamba penipeni nenani nokha tsiku, mudzi ndi amene akulankhula, chifukwa pakatha miyezi itatu mudzakhala ndi mawu ambirimbiri osadziwa kuti awa ndi a ndani. Ngati kumudziko kulibe magetsi, nyamukani foni itadzaza moto. Munthu wokalamba musamulankhulitse kupitirira ola limodzi. Ndi bwino kupita kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndi umene umabala zambiri, chifukwa mukachoka amagona akukumbukira.

Funso loti "Agogo anali munthu wotani?" musalifunse n'komwe. Yankho lake ndi limodzi m'dziko lonse lino: anali munthu wabwino, wokonda anthu, woopa Mulungu. Funsani tinthu ting'onoting'ono togwirika. Tsiku lobwera kudzafunsira mbeta anavala chiyani? Ndiwo zimene sankadya ndi ziti? Akakwiya ankatani, ankakalipa kapena ankangonyamula khasu? Inuyo ankakuitanani dzina lanji? Ndi nyimbo iti ya m'buku imene ankaiyambitsa okha?

Mukafunsa, khalani chete. Ambirife timaopa bata, ndiye timathamangira kufunsa funso lina munthu asanamalize kuganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinafunsa agogo aakazi kuti pobwera ku Joni amuna awo anabweretsa chiyani. Sanayankhe. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anadzuka pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Anatuluka ndi bulangete lolemera lofiirira, lothetheka m'mphepete, n'kuliika pamiyendo panga. "Ili ndi la ulendo wachiwiri," anatero. "Ulendo woyamba anabwera ndi njinga, chikhothi ndi wailesi, zake zokhazokha. Ine ndinalira kuseri kwa nkhokwe. Sindinanene kanthu, koma anandiona. Ulendo wachiwiri chinthu choyamba kutuluka m'sutikesi chinali ichi." Ndikanafulumira ndi funso lina, nkhani imeneyi sindikanaimva.

Wina akanena chinthu chosiyana ndi chimene munamva kwina, musamutsutse. Lembani zonse ziwiri. Ndipo amayi ndi abambo muzicheza nawo paokhapaokha, chifukwa pali zinthu zimene munthu sanganene pamaso pa apongozi kapena pa ana ake.

4. Tsegulani bokosi

Pafupifupi nkhalamba iliyonse yaimuna imakhala ndi sutikesi kapena bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Litseguleni pali agogo aakazi kapena amalume, osati nokha. M'menemo yembekezerani khadi la ubatizo, kalata ya ukwati, malisiti a msonkho, makhadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, chitupa cha ku Wenela kapena ku Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, kalata yopumira pantchito, buku la kuchipatala, zithunzi za kusitudiyo ndi makalata. Baibulo lawo muliyang'ane tsamba loyamba ndi lomaliza, chifukwa ambiri ankalembamo masiku obadwa a ana ndi masiku a maliro.

Chilichonse muchijambule ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Jambulirani pakhonde, pamthunzi wowala, pepala litagona patebulo, foni ili pamwamba pake ndendende ndipo fulashi mutazimitsa. Mapepala akale musawamate ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Musapite nawonso kokawakuta pulasitiki ya makina otentha, chifukwa akalowa m'menemo satulukanso. Aikeni mu envulopu yaikulu yoyera, pamalo ouma, potalikira pansi pamene chiswe chimadutsa. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo, osati bolopeni, mayina a anthu kuyambira kumanzere. Chitani zimenezi agogo aakazi ali pompo, chifukwa iwo akapita palibe adzadziwe kuti bambo wa chipewa waima pambaliyo ndi ndani.

Zinthu zimenezi zibwerere m'bokosi momwemo. Inu tengani zithunzi zokha.

5. Pezani zaka zake

Makolo athu ambiri sanalembedwe tsiku lobadwa. Chaka chimene chili pa chitupa cha unzika, chimene ambiri anajambulitsa mu 2017, nthawi zambiri n'chongoyerekeza, choncho musachikhulupirire msanga. Njira yabwino ndi kumangirira nkhani iliyonse pa chinthu chodziwika chimene chinachitika m'dziko. Napolo anasefukira ku Zomba mu 1946. Njala yaikulu inagwa mu 1949. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo pa 3 Malichi 1959 atsamunda analengeza lamulo ladzidzidzi n'kumanga atsogoleri a Congress. Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Mapaundi ndi masheleni anasiya kugwira ntchito pamene kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. Ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo zitatero boma linaimitsa kutumiza anthu ku migodi kwa zaka zingapo. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Papa anabwera mu 1989, madzi anakokolola midzi ku Phalombe mu 1991, riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993 ndipo chisankho cha zipani zambiri chinatsatira mu Meyi 1994.

Ndiye muzifunsa motere: "Pa njala ya 49 anali wamkulu bwanji?" Akati anali atangogweluka mano akutsogolo, ndiye kuti anali ndi zaka 6 kapena 7, ndipo anabadwa cha m'ma 1942 kapena 1943. Akati anali akuweta kale ng'ombe yekha kudambo, onjezerani zaka zingapo. "Mwana woyamba anabadwa tikugwiritsa masheleni kapena tambala?" "Ndege itagwa anali kuno kapena ku Joni?" Mafunso atatu kapena anayi otere amakupatsani msana wa mbiri yonse.

Ngati anali Mkhristu, pitani ku parishi kapena ku mpingo kumene anabatizidwa. Mamishoni akale monga Mua ndi Nkhoma anayamba kalekale kulemba mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndipo m'mabuku otere mumapezekanso mayina a makolo. Ngati mukufuna kudziwa za mudzi wawo kapena za ofesi ya boma imene ankagwirako, nyumba yosungira zakale ya National Archives ili ku Zomba. Chaka chimene simunachitsimikize muzilemba kuti "cha m'ma", musachite manyazi nazo.

6. Jambulani mtundu

Tengani pepala lalikulu, ngakhale kumbuyo kwa kalendala yakale. Pakati lembani agogo. Pamwamba makolo awo ndi agogo awo mpaka pamene anthu akukumbukira, aliyense ndi mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, komanso mudzi ndi mfumu yake. M'mbali abale awo motsatana kubadwa. Pansi ana ndi zidzukulu. Lembaninso ana amene anamwalira ali aang'ono. Pa mapulogalamu a maliro sawatchula, koma amayi awo sanawaiwale, ndipo mukafunsa modekha adzakuuzani dzina ndi nyengo yake. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi dzina la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi lina limene anadzipatsa kuntchito. Lembani onse, apo ayi mudzawerenga munthu mmodzi kawiri.

7. Khalitsani pa zimene ankachita atapuma pantchito

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha, pomwe ndi limene lili ndi munthu weniweni. Ntchito ya ku mgodi kapena ya umesenjala agogo sanaisankhe chifukwa choikonda. Ankafuna msonkho, malata ndi fizi ya ana. Koma zimene munthu amachita m'mawa uliwonse pamene palibenso bwana womutuma, zimenezo wasankha yekha. Mukafuna kudziwa mtima wa agogo anu, yang'anani kumene manja awo ankapita atapuma.

Yambani ndi kuyendera pakhomo ndi munthu amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku, kawirikawiri amakhala mdzukulu wamng'ono amene ankatumidwatumidwa. Mufunseni kuti akuonetseni tsiku la agogo kuyambira kudzuka mpaka kugona: ankayamba kupita kuti, ankakhala pati dzuwa likakwera, wailesi ankatsegula nthawi yanji. Jambulani malo aliwonse ndi chida chilichonse: kasemasema, mpeni, singano yosokera mphasa, mpando wawo, chipewa. Funsani dzina la chida chilichonse ndi kumene chinachokera.

Agogo anga anali ndi zinthu zitatu. Choyamba nkhunda. Khola lake analimanga okha pamwamba pa mitengo inayi, ndipo m'mawa uliwonse ankaimba likhweru limodzimodzi akumwaza mphale za chimanga pabwalo. Mwana amene ankawathandiza anandifotokozera zimene anaphunzira kwa iwo: nkhunda imaikira mazira awiri, yaimuna ndi yaikazi zimafungatira mosinthana, ndipo pakatha masiku pafupifupi 18 maunda amaswa. Anandiuzanso kuti agogo ankakonda kunena kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, ndipo ana akayamba kukangana ankangoloza kukhola osanena kanthu. Ndinamupempha mwanayo kuti aimbe likhwerulo ndijambule. Ataimba, nkhunda zinatsika. Amayi anga, amene anali ataima pakhomo, analowa m'nyumba kukalira.

Chachiwiri bawo. Ngati agogo anu anali a bawo, pitani pamene ankasewerera nthawi imene ankapitira, mukakhale pansi muonerere kaye. Musafunse kanthu mpaka masewera atatha. Bawo lili ndi mabowo 32 m'mizere inayi ndi nkhomo 64, koma aliyense ali ndi kaseweredwe kake, ndipo anzawo amakadziwa ngati mmene timadziwira kayendedwe ka munthu ali patali. Afunseni kuti ankasewera bwanji: mofulumira kapena mowerengera, akadyedwa ankatani, ndani amene sankatha kumugonjetsa. Kumeneko ndinamva kuti agogo, amene kunyumba tinkawadziwa ngati munthu wofatsa wosalankhulalankhula, pabawo anali wophokosera, ankaimba nyimbo za ku mgodi m'Chifanakalo akamatakata, ndipo ankabwereketsa ndalama kwa anzawo osauza aliyense kunyumba. Mmodzi anatulutsa ndalama m'thumba kuti ndikapereke kwa agogo aakazi, ati inali ngongole imene malemu sanailonjerere.

Chachitatu mitengo. Mango onse okoma pakhomopo anali omezanitsa ndi manja awo, ndipo ena anali m'makomo a anthu m'midzi itatu yoyandikana, chifukwa aliyense wopempha ankamupatsa. Ndinayenda ndi kope n'kuiwerenga mitengoyo umodzi ndi umodzi, n'kulemba kuti uwu uli kwa yani ndipo unabzalidwa pa nthawi yanji.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi choposa kulemba. Sankhani chimodzi mwa zimene ankachitazo, muonetsetse kuti chisafe. Nkhunda zikasowa chakudya ndi madzi kwa masabata ochepa zimasamukira kwina, choncho gwirizanani msanga amene aziziyang'anira ndipo a m'tauni azitumiza ya chimanga. Bawo lisapite kukasungidwa pamwamba pa kabati, lipite kwa mdzukulu amene amasewera. Ngati ndi mtengo wa zipatso, umezanitseni kuti banja lililonse likhale ndi wake. Dzalani mbewu za mango wamba m'machubu, zikule mpaka thunthu lifanane ndi pensulo. Dulani kanthambi konenepa ngati pensulo yomweyo kunsonga ya mtengo wa agogo, kautali ngati chikhatho, kokhwima koma kokhala ndi maso otsala pang'ono kuphukira, n'kuchotsa masamba. Dulani mutu wa kamtengo ka m'chubu, kang'ambeni pakati pang'ono, songolani kanthambi kaja mbali ziwiri ngati mphero, kalowetseni mong'ambamo makungwa akumane, kenako mangani zolimba ndi kapulasitiki kuti madzi asalowe. Ikani pamthunzi ndipo muzithirira. Pakatha masabata atatu kapena anayi, kakagwira kamaphukira. Mphukira zotuluka m'munsi mwa pomangapo muzizithothola. Mezanitsani yambiri chifukwa ina imakana, ndipo ngati simunachitepo, itanani alangizi a zaulimi akuonetseni koyamba. Mtengo womezanitsa umabereka zipatso zofanana ndendende ndi za mtengo umene munadulako, ndipo suchedwa kubereka ngati wa mbewu.

8. Nkhani zovuta

Mudzazipeza ndithu. Mwina mkazi wina ndi ana ku Bulawayo kapena ku Kitwe, pakuti amuna ambiri a m'badwo umenewo anakhala zaka kunja ndipo ena anatchona. Mwina mowa umene unasautsa banja zaka zina. Mwina ndende ya ku Mikuyu kapena ku Dzaleka pa nthawi ya chipani chimodzi, kapena kuthawira ku Mozambique chifukwa cha chipembedzo. Mwinanso iwo ndi amene anali mbali yozunza anzawo.

Ine ndinatsata malamulo awiri. Loyamba, mwana aliyense wa agogo alembedwe pa mtundu, kaya anabadwira m'nyumba kaya kunja, chifukwa mwana sanalakwe ndipo zidzukulu ziyenera kudziwana kuti zisadzakwatirane. Koma kambiranani kaye ndi agogo aakazi, asadzazione koyamba m'kabuku pamaso pa anthu. Lachiwiri, chinthu chimene chingachititse manyazi munthu amene ali moyo chisalowe m'kabuku kogawa pachiliza. Chisungeni m'kope lanu ndi m'mawu ojambula, adzachipeza ofunika kuchidziwa. Komabe musawasandutse agogo mngelo. Kulemba kuti anali wouma mutu, kapena kuti anasiya mowa mwana wachitatu atabadwa, si kuwanyoza. Amene ankawadziwa akamva zimenezo amagwedeza mutu n'kunena kuti eya, ndi iwowo. Ngati anali wa kudambwe, lembani kuti anali wolowa ndipo ng'oma ankaitha, n'kulekera pomwepo. Za kumeneko zili ndi eni ake.

9. Lembani

Mvetserani zojambula zonse muli ndi kope, muzilemba mawu enieni a anthu pamene akugwirani mtima, ndi mphindi imene ali. Simukuyenera kulemba chilichonse chimene chinanenedwa. Kenako sanjani nkhani motsata zaka: ubwana, ulendo, ukwati, ntchito, kupuma, masiku omaliza. Gawo la kupuma likhale lalitali kuposa onse.

Lembani m'chilankhulo chimene agogo ankalankhula. Ngati ankasakaniza Chiyao, Chilomwe, Chitumbuka kapena mawu a ku mgodi, asiyeni momwemo, musawakonze kuti amveke ngati a m'buku la sukulu. Nkhani iliyonse muzinena amene anakuuzani: "anatero alongo awo", "akukumbukira choncho anzawo a pabawo". Pamene anthu awiri asiyana, lembani kuti awa akuti chakuti, awa akuti chakuti. Mawu okuluwika ndi mavesi ambirimbiri si ofunika. Bulangete limodzi lija likunena zambiri kuposa tsamba lonse la mawu otamanda.

Mukamaliza, pitani mukawawerengere agogo aakazi ndi amalume mokweza, monga munalonjezera. Adzakukonzani mayina, adzachotsa china, ndipo adzawonjezera zina zimene sananene poyamba.

10. Sindikizani, gawani, sungani

Kabuku kosavuta ndi ka mapepala a A4 opinda pakati n'kumenya sitepula pamsana. Pepala limodzi limapereka masamba anayi, choncho masamba onse akhale 12, 16 kapena 20. Sindikizani kamodzi kaye, kapatseni munthu wina awerenge dzina lililonse, chifukwa dzina lolakwika kapena mdzukulu woiwalika ndi mlandu umene umatha zaka. Ndalama zikachepa, werengerani kabuku kamodzi pa banja lililonse, ndipo zithunzi zikhale zosapaka mitundu. Abale a ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Leeds atumizireni PDF. Zithunzi zakale mukamatumiza pa WhatsApp muzizitumiza ngati dokyumenti, apo ayi zimafika zitafooka.

Mawu ojambula ndi zithunzi zisakhale mu foni imodzi yokha. Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Zisungeni malo atatu: pa memori khadi kapena fulashi, pa intaneti monga pa Google Drive, ndi kwa m'bale wina wokhala dera lina. Fayilo iliyonse ipatseni dzina lomveka, la wolankhula ndi chaka.

Pa tsiku la chiliza, pemphani kwa oyendetsa mwambo mphindi 10 zokha, ndipo pemphani kusanache, osati anthu atakhala kale pansi. Musawerenge kabuku konse. Sankhani tsamba limodzi, makamaka la zimene ankachita atapuma, ndipo awerenge ndi mdzukulu wamng'ono amene amatha kuwerenga bwino. Ngati muli ndi timitengo tomezanitsa, gawani pomwepo, banja lililonse kake.

Kumapeto kwa kabukuko siyani masamba awiri osalemba, ndipo inu mukhale ndi pensulo m'thumba. Pa chiliza cha agogo anga, anthu atayamba kubalalika kupita kukadya, bambo wina wokalamba amene palibe wa ife ankamudziwa anandikodola. Anali atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Anati ali mnyamata ankagulitsa nkhuni pafupi ndi ofesi imene agogo ankagwira, ndipo agogo ndi amene anamuphunzitsa kulemba dzina lake pa nthawi ya nkhomaliro, ndi kamtengo, pa dothi. Anandipempha pensulo, n'kulemba dzinalo yekha pa tsamba lomaliza, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.